Kudyeka kwa Matayala pa Galimoto Yotsitsidwa

 Nkhani yathu lero ndi ya matayala a galimoto.

Ali yense woyenda m'miseu ya mzinda uno anaonapo magalimoto aja amene eni ace anawatsitsa, kotero kuti mimba ya galimoto itsala pang'ono kukhudza pansi. Anyamata akonda kucita zimenezi ndi Toyota Altezza, Mark X, RunX kapena BMW, pakuti galimoto yotsika ikondweretsa maso, ndiponso pokhota siipendekeka kwambiri. Ine sindinadze kudzaweruza mlandu wa kukongola, pakuti munthu ali yense ali ndi cimene mtima wace ukonda. Koma pali dandaulo limodzi limene limveka kawiri-kawiri pakati pa eni magalimoto otere, ndilo lakuti matayala sakhalitsa.

Munthu agula matayala awiri ndi ndalama zimene anazisunga mobvutika, ndipo isanathe miyezi yowerengeka apeza kuti mbali ya m'kati yatha kufikira mawaya aonekera, pamene mbali ya kunja ikali ndi mano ace onse. Wina anena kuti wogulitsa anamnyenga. Wina adzudzula miseu. Ndipo wina afika poganizira mnansi wace wa kaduka. Koma mau amene ndifuna kuti muwasunge lero ndi awa: tayala silitha mbali imodzi popanda cifukwa, ndipo cifukwaco cimalembedwa pa tayala lomwelo. Munthu wodziwa kuwerenga malembo amenewa adzazindikira cimene cabvuta asanataye ndalama zina.

Maimidwe a gudumu

Tiyambe ndi kufunsa kuti gudumu la galimoto liima bwanji. Poyang'ana ndi maso tiyesa kuti magudumu onse anai aima ciriri ndi kuloza kutsogolo. Koma amisiri amene anapanga galimoto anaika gudumu liri lonse mopendeka pang'ono, mwa muyeso waung'ono umene diso silingathe kuuona. Mapendekedwe amenewa ali atatu, ndipo amakanika awachula ndi maina a Cingerezi, ndiwo toe, camber ndi caster. Nchito yolinganiza zitatuzi ndiyo imene mumaiona yolembedwa pa zikwangwani za magalaji kuti wheel alignment.

Kuti mumvetse toe, imirirani muyang'ane mapazi anu. Ngati zala za mapazi onse awiri ziloza m'kati, imeneyo ndiyo toe-in. Ngati ziloza kunja, monga amaimira bakha, ndiyo toe-out. Magudumu awiri a kutsogolo, ngakhalenso a kumbuyo, acita cimodzi-modzi mukawayang'ana muli pamwamba pao.

Camber muiona mutaima patsogolo pa galimoto. Gudumu likatsamira m'kati kumwamba kwace, kunsi kwace kutatulukira kunja, amati negative camber. Likatsamira kunja amati positive camber. Ganizani za munthu amene aponda ndi mbali imodzi ya phazi: nsapato yace imatha mbali yomweyo.

Caster muidziwa kale inu nonse amene muli ndi njinga. Foloko ya njinga siima ciriri, koma kumwamba kwace yatsamira kumbuyo, ndipo kutsamirako kuthandiza njinga kuyenda molunjika. M'galimoto caster ndiyo ibwezera ciongolero pakati mutatha kukhota. Iyo siidya tayala kwambiri, koma ikasiyana kumanzere ndi kumanja, galimoto ikokera mbali imodzi. Cifukwa cace lero tidzanena kwambiri za ziwiri zoyambazo.

Cimene cicitika potsitsa galimoto

Gudumu silinamangidwe nganganga ku thupi la galimoto iai. Ligwiridwa ndi mikono ya citsulo imene ikwera ndi kutsika monga mwa mseu, ndipo thupi lonse likhala pa masipiringi. Mkono uli wonse uyenda mozungulira, monga mkono wa munthu uzungulira pa phewa. Tsono opanga anayesa toe ndi camber pa msinkhu umodzi, umene galimoto inatuluka nao m'fakitale. Mukafupikitsa masipiringi thupi litsika, mikono ija isuntha, ndipo galimoto ikhala masiku onse monga ngati yasenza matumba a cimanga. Pamenepo pacitika zinthu zitatu.

Coyamba, magudumu atsamira m'kati, ndipo kulemera kwa galimoto kugwera pa mbali ya m'kati ya tayala. Kukula kwa kutsamiraku kusiyana monga mwa mapangidwe a galimoto. Altezza, imene inapangidwa kuyambira 1998 kufikira 2005, ndi Mark X, ya 2004 kufikira 2019, ziri ndi mikono iwiri pa gudumu la kutsogolo, wa pamwamba waufupi ndi wa pansi wautali, ndipo magudumu ace a kumbuyo ayenda liri lonse palokha. Pa magalimoto otere camber isintha kwambiri, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Corolla, RunX, Vitz ndi Allion ziri ndi mkono umodzi pansi, ndi shoki yaikuru yoima m'kati mwa sipiringi. Mapangidwe amenewa achedwa ndi dzina la Earle MacPherson, mmisiri wa ku America, ndipo anaoneka pa Ford Consul ku England m'caka ca 1950. Pa awa camber isintha pang'ono. Kumbuyo kwa ambiri a iwo kuli mtanda umodzi wa citsulo wogwira magudumu onse awiri, ndipo kutsitsa sikusintha camber yace kweni-kweni. Cotero tayala la kumbuyo likadyeka mbali imodzi pa galimoto yotere, ganizani kuti mtandawo unapindika, kapena mabushi ace anatha.

Caciwiri, toe isintha. Ciongolero cikankha magudumu a kutsogolo ndi ndodo ziwiri za citsulo zimene amati tie-rod. Thupi likatsika ndodozi zipendeka, ndipo zikoka kapena kukankha gudumu pang'ono, pa magalimoto ena m'kati, pa ena kunja. Ici ndico cimene ambiri saciganizira, pakuti sicioneka ndi maso.

Cacitatu, mpata woyendamo gudumu ucepa. Shoki igwira nchito pafupi ndi mapeto ace, igunda kawiri-kawiri, ndipo itha msanga. Bvuto likula ngati masipiringi anangodulidwa kapena kutenthedwa ndi moto wa owocherera zitsulo. Moto ufooketsa citsulo, ndipo sipiringi yotenthedwa ipitirira kutsika mwezi ndi mwezi. Kudula moyesa ndi diso kusiya mbali ina yotsika kuposa inzace, ndipo sipiringi yofupika kwambiri ingathe kucoka pa cokhalira cace pamene gudumu lilendewera.

Miseu imene tiyendamo

Magalimoto ambiri amene tawachulawa anadza kuno atagwira kale nchito ku Japan, ena kudzera ku Dar es Salaam ndi Nakonde, ena ku Durban ndi Chirundu. Afika ali ndi mabushi okalamba kale, ndipo apeza miseu yosiyana ndi ya kwao.

Kanyama, Chawama, George ndi Kalingalinga anayamba pamene anthu anadzimangira okha nyumba, miseu isanalembedwe. Nchito yokonza George ndi Chawama inayamba m'caka ca 1974 ndi ngongole ya World Bank, ndipo kuyambira 2013 nchito ya L400 inathira tara pa miseu yambiri ya Lusaka. Komabe timiseu tambiri ta m'kati mwa makomboni tikali ta dothi ndi miyala. Ku Kanyama dziko ndi lacidikha, thanthwe liri pafupi ndi pamwamba, ndipo madzi a mvula acedwa kucoka. Akuru akumbukira cigumula ca 1978. Kuyambira November kufikira April madzi abisa maenje, ndipo woyendetsa sadziwa kuya kwace kufikira gudumu litagweramo. Pa miseu ya tara napo pali mahampu, amene galimoto yotsika iwakwera cam'mbali, gudumu limodzi-limodzi.

Dzenje limodzi lokha lingathe kupinda tie-rod kapena rimu. Galimoto yotsitsidwa iribe mpata wolandirira kugunda kotere, ndipo ngati mwiniyo anaikanso marimu akuru ndi matayala opyapyala m'mbali, mphamvu yonse ya kugundako ipita ku zitsulo. Cifukwa cace alignment imene munalipira mu August ingakhale itasokonezeka pofika February.

Kuwerenga tayala

Imikani galimoto pamalo osalala. Potozani ciongolero mbali imodzi kufikira mapeto, kuti tayala la kutsogolo litulukire ndipo muone mbali yace ya m'kati. Pa matayala a kumbuyo yalani thumba pansi, mugwade, musuzumire. Musakhutire ndi kuyang'ana mbali ya kunja yokha, pakuti pa galimoto yotsika tayala libisala m'kati mwa thupi, ndipo akuru anati, cikome-kome ca nkhuyu m'kati muli nyerere.

Tengani kamtengo ka macesi, mukalowetse m'ngalande ya tayala malo atatu, m'kati, pakati ndi kunja, ndipo malo ali onse muike cikhadabo pamene kamtengo kalekezera. Kenaka muyendetse cikhatho pang'ono-pang'ono pamwamba pa tayala, kucokera kunja kulowa m'kati, ndi kubwerera. Cenjerani, pakuti ngati mawaya atuluka adzakulasani. Tsono mverani cimene tayala likuuzani.

Ngati mbali zonse ziwiri zatha koma pakati pakali mano, mpweya ucepa. Ngati pakati ndipo patha, mbali ziri bwino, mpweya ucuruka. Pa ziwirizi alignment iribe mlandu. Muyeso woyenera unalembedwa pa kapepala komata pa mphuthu ya citseko ca galimoto, ndipo pa magalimoto ambiri aang'ono uli pakati pa 2 bar ndi 2.5 bar. Yesani ndi geji m'mawa matayala asanatenthe; kumenya tayala ndi phazi sikuyesa iai.

Ngati mbali imodzi yatha, ndipo kudyekako kuli kosalala, kotsika pang'ono-pang'ono kucokera mbali ina kufikira inzace, popanda cokola cikhatho, imeneyo ndi nchito ya camber.

Ngati cikhatho ciyenda bwino mbali imodzi, koma pobwerera cikodwa monga pa mano a maceka, imeneyo ndi nchito ya toe. Cikhatho cikasalala polowa m'kati ndi kukodwa potuluka, magudumu aloza m'kati mopitirira, ndipo mudzaona kuti mbali ya kunja ndiyo ikutha. Cikasalala potuluka ndi kukodwa polowa, magudumu aloza kunja, ndipo mbali ya m'kati ndiyo ikutha.

Ngati poyendetsa dzanja mozungulira tayala mupeza timaenje motsatana, pena pokwera pena potsika, ndipo poyenda tayala lilira monga bering'i yakutha, gudumu limadumpha-dumpha pa mseu. Cifukwa cace ndi shoki yakufa, kapena gudumu losalinganizidwa kulemera kwace, kapena citsulo cina cogwedera.

Ngati pali mzere wocekeka wozungulira paphewa kapena m'mbali mwa tayala, tayalalo likukhula thupi la galimoto. Yang'anani m'kati mwa mudguard, mudzapeza pamalo ponyezimira pamene penti yacoka. Bvuto iri ndi la magalimoto otsitsidwa maka-maka, ndipo likula pamene mwanyamula anthu kumbuyo.

Ndipo ngati m'mbali mwa tayala muli cotupa, ulusi wa m'kati unaduka pamene linagunda dzenje kapena mwala. Tayala lotere silikonzeka. Licotseni lero lomwe.

Mbala yaikuru ndi toe

Mwini galimoto yotsitsidwa akaona mbali ya m'kati itatha, anena msanga kuti ndi camber, pakuti kutsamira kwa magudumu akuona ndi maso ace. Koma kawiri-kawiri mbala yaikuru ndi toe. Camber isenzetsa mbali imodzi katundu woposa, koma tayala likali kugubuduka molunjika. Toe ikalakwika tayala liloza kwina pamene galimoto ipita kwina, ndipo likwekwerezedwa cam'mbali pa mseu, monga mufufuta pepala ndi labala.

Tiyeni tiwerenge pamodzi. Tayala la muyeso wa 195/65 R15, limene liri pa Corolla zambiri, liri ndi msinkhu wa masentimita 63, ndipo ligubuduka pafupi-fupi nthawi 500 pa kilomita imodzi. Tinene kuti gudumu lapatuka ndi theka la digiri imodzi. Poyesa kutsogolo ndi kumbuyo kwa tayala, kusiyanako ndi mamilimita 5 kapena 6 okha, ndipo diso silingakuone. Koma pa kilomita iri yonse gudumulo lifuna kupatuka mamita pafupi-fupi 9, ndipo galimoto ilikaniza. Pa ulendo wocoka ku Lusaka kunka ku Kafue, wa makilomita ngati 45, ciri monga ngati mwakoka tayalalo cam'mbali mamita pafupi-fupi 400. Pa ulendo wa ku Kabwe, wa makilomita ngati 140, mwapitirira kilomita yathunthu. Pang'ono-pang'ono ndi mtolo.

Tsono camber ikatsamira m'kati, ndipo toe ikaloza kunja, ziwirizi zigwirizana pa mbali imodzi: ina isenzetsa katundu, ina ikwekwereza. Pamenepo ndipo tayala latsopano litha m'miyezi yowerengeka. Koma toe ikakhala yolunjika, camber yotsamira digiri imodzi siononga tayala msanga. Ndi cifukwa cace munthu asathamangire kugula zitsulo za mtengo wapatali zokonzera camber asanayese toe, imene ikonzeka ndi sipanala.

Yambani mwagwedeza gudumu

Pali cinthu cimodzi coyenera kucita musanalipire alignment. Ngati mfundo za zitsulo zigwedera, makina adzayesa bwino galimoto iri ciimire, koma mukangotuluka pa cipata gudumu lidzabwerera kumene lifuna, ndipo ndalama zanu zapita cabe.

Kwezani galimoto ndi jeke pamalo olimba, muike miyala ku magudumu otsala, ndi cochinjiriza colimba pansi pa thupi. Musalowetse mutu kapena dzanja pansi pa galimoto imene yagwiridwa ndi jeke yokha. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi, muligwedeze mwamphamvu. Likagwedera, kapena mukamva kugogoda, bvuto liri pa ball joint kapena pa bering'i. Gwiraninso kumanzere ndi kumanja kwace. Likagwedera pamenepo, yang'anani mfundo za tie-rod. Zungulizani gudumu mukuyang'ana mlomo wa rimu, muone ngati uyenda mopotoka. Yang'anani mabushi ngati ang'ambika, ndi shoki ngati yanyowa mafuta. Mutatsitsa galimoto, yesani ndi tepi kucokera pakati pa gudumu kufikira mlomo wa mudguard, mbali zonse ziwiri. Zikasiyana kuposa sentimita imodzi, masipiringi anu sali olingana, ndipo ayenera kukonzedwa poyamba.

Ngati galimoto ikokera mbali imodzi, kumbukirani kuti kuno tiyenda kumanzere, ndipo miseu ya tara inamangidwa yokwera pakati kuti madzi atsikire m'mbali. Cotero kupatukira kumanzere pang'ono si matenda. Koma ikakoka mwamphamvu, sinthanitsani matayala awiri a kutsogolo, muyese pang'ono. Kukokako kukasamukira mbali ina, bvuto liri m'tayala. Kukakhala komweko, ganizani za camber kapena caster yosiyana, kapena buleki yogwira mbali imodzi.

Kuyesa ndi cingwe

Amene ali kutali ndi makina angathe kuyesa okha ndi zinthu za pakhomo. Pafunika simenti yosalala, ndodo ziwiri zoongoka, ulusi wolimba ndi rula ya mamilimita. Popani matayala onse molingana, ongolani ciongolero, ndipo mukankhe galimoto kutsogolo mamita awiri kuti zitsulo zikhale m'malo mwace.

Ikani ndodo imodzi mopingasa patsogolo pa galimoto, ina kumbuyo, pa msinkhu wa pakati pa magudumu. Mangani ulusi uwiri, wina kumanzere wina kumanja, ndipo mpata wa pakati pa ulusiwo ukhale wofanana pa ndodo zonse ziwiri. Sunthani ndodozo kufikira mpata wocokera pa ulusi kufika pakati pa gudumu la kumanzere ufanane ndi wa gudumu linzace la kumanja, kutsogolo ndi kumbuyo. Tsono pa gudumu liri lonse yesani kucokera pa ulusi kufikira mlomo wa rimu, kutsogolo kwace ndi kumbuyo kwace. Ngati kutsogolo mpata ndi waukuru, gudumu liloza m'kati. Ngati ndi waung'ono, liloza kunja. Pa magalimoto ambiri aang'ono kusiyanako kuyenera kukhala kocepa ndithu, milimita imodzi kapena osafika. Mukapeza mamilimita 3 kapena 4 pa gudumu limodzi, mwaigwira mbala.

Camber iyesedwa monga omanga nyumba ayesera khoma. Mangani nati ku ulusi, muulendeweretse pambali pa gudumu, ndipo muyese kufikira mlomo wa rimu pamwamba ndi pansi. Pa rimu ya mainchesi 15, kusiyana kwa mamilimita 7 kuli ngati digiri imodzi. Mpata ukakula pamwamba, gudumu latsamira m'kati. Cofunika kwambiri ndi cakuti kumanzere ndi kumanja kufanane; gudumu limodzi likatsamira kwambiri kuposa linzace, pali citsulo cimene cinapindika.

Kuyesa kumeneku sikulowa m'malo mwa makina, koma kukupatsani nzeru yolankhula ndi makanika monga munthu wodziwa cimene afuna.

Pofika ku galaji

Mukasintha masipiringi, yendani masiku owerengeka mosamala kuti akhazikike, koma musacedwe milungu yambiri musanapite ku alignment. Uzani makanika poyamba kuti galimoto inatsitsidwa. Pemphani kuti ayese magudumu onse anai, si a kutsogolo okha, maka-maka pa Altezza, Mark X ndi BMW, pakuti toe ya kumbuyo idya matayala monga ya kutsogolo, ndipo ikapatuka galimoto iyenda cam'mbali monga nkhanu. Pemphaninso kuona manambala, oyamba ndi otsiriza, ndipo muwasunge.

Funsani ngati mabauti a mabushi anamangidwa galimoto itaima pa magudumu ace. Bushi ndi mphira womatidwa pa citsulo. Likamangidwa gudumu liri m'mwamba, likhala lopotoka masiku onse galimoto itatsika, ndipo ling'ambika msanga.

Toe ya kutsogolo ikonzeka pa galimoto iri yonse potembenuza tie-rod, ndipo makanika wabwino atembenuza mbali zonse ziwiri kuti ciongolero cikhale pakati. Camber ndiyo ibvuta, pakuti magalimoto ambiri aang'ono alibe pokonzera. Pa ena muikapo mabauti apadera a camber, pa ena mikono yotha kutalikitsa. Makanika akakuuzani kuti camber siingabwerere pa muyeso wace cifukwa galimoto yatsika kwambiri, sakunyengani; mankhwala ace ndi kuikweza pang'ono. Ndipo musalole munthu ali yense kuongola tie-rod kapena mkono wopindika ndi moto ndi nyundo, pakuti citsulo cotere cingathyoke muli pa liwiro.

Zitatha izi, sinthanitsani matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo pa makilomita 8,000 kapena 10,000 ali onse, ngati onse ndi a muyeso umodzi. Tayala lokhala ndi mubvi m'mbali liyenera kuzungulira kumene mubviwo uloza, cotero likhale mbali yace yomweyo.

Si ndalama zokha

M'ngalande za tayala muli timilatho ta mphira totalika mamilimita 1.6. Mano akalingana ndi timilathoto, tayala latha, ngakhale kuthako kuli mbali imodzi yokha. Ngalandezo ndizo zicotsa madzi pansi pa tayala. Zikatha, galimoto iterera pa mseu wonyowa ndipo buleki siithandiza. M'mwezi wa October, pamene tara itentha monga ciwaya, tayala loonekera mawaya lingaphulike pa Great East Road kapena pa Kafue Road muli ndi banja lanu m'galimoto. A Road Transport and Safety Agency, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2002, ayang'ana matayala poyesa galimoto; koma tsiku la kuyesako lidza kamodzi patapita miyezi, pamene mwana wa sukulu aoloka mseu patsogolo panu tsiku ndi tsiku.

Inu amene mugula matayala ogwirapo kale nchito, awerengeni monga tanenera, pakuti adza ndi mbiri ya galimoto ina. Yang'ananinso manambala anai otsiriza pa mzere woyamba ndi malembo akuti DOT. Awiri oyamba ndi mlungu, awiri otsiriza ndi caka. Cotero 2319 atanthauza mlungu wa 23 wa caka ca 2019. Mphira ukalamba ngakhale mano akalipo, ndipo ming'alu yaing'ono m'mbali ndiyo cizindikiro cace.

Walira mvula walira matope. Amene afuna galimoto yotsika m'miseu ya Kanyama ndi Chawama abvomere kuti adzaisamala kuposa mnzace amene anaisiya pa msinkhu wace. Atsitse pang'ono, ndi masipiringi opangidwira nchitoyo. Ayese mpweya mlungu uli wonse, apite ku alignment atagunda dzenje lalikuru ndiponso mvula itatha, ndipo kamodzi pa mwezi agwade pansi ayendetse cikhatho pa matayala onse anai. Nchito imeneyi siitenga mphindi khumi, ndipo siifuna ngwee ngakhale imodzi.